Kalata Imene Sinatayike

"Gwilani phewa, bamake Vivian, osati shati," anatero a Wisdom Njobvu atawerama pageti.

A Helen anagwira ndi dzanja lamanja, lokhalo limene linkawamverabe. Lamanzere linkangolendewera pachifuwa pa amuna awo. Chiwagwetsereni sitiroko m'khitchini mwezi wa Juni, mbali yonse yakumanzere inali ngati yobwereka. Adokotala anati Lachinayi lililonse azibwera kuchipatala kudzawongola mwendo ndi mkono, apo ayi ziwalozo zidzaumiratu. Ulendo wakuchipatalawo sunali vuto, poti mwana wawo Vivian ankabwera ndi galimoto kuchokera ku Chelstone. Vuto linali kuchoka pageti kukafika pagalimotopo.

Nyumba ya a Njobvu ku Kabwata, mu Lusaka, inayang'ana msewu waukulu, ndipo pakati pa geti ndi msewu pankadutsa ngalande yakuya kufika m'chiuno. Pamwamba pake panagona matabwa atatu okhomedwa pamodzi, ongokwana munthu mmodzi woyenda bwinobwino. Wilitcheya sinkakwanapo. Choncho Lachinayi lililonse mkulu wa zaka 68 ankabereka mkazi wake kumsana n'kuwoloka naye, anthu a pasiteji ya minibasi akuonerera.

Tsiku limeneli, kumayambiriro kwa Disembala, mvula inali itagwa kuyambira m'mamawa. M'ngalandemo munkathamanga madzi amatope, atanyamula mabotolo ndi mapepala a pulasitiki a Kabwata yense.

"Hanemuni, mudala!" anakuwa kondakitala wina ali pakhomo la minibasi. "Mubapeleka kuti ba mami, ku hotela ku Siavonga?"

Anzake anaseka. A Njobvu maso anali pamatabwa. Anaponda koyamba, kachiwiri. Kachitatu nsapato inatereka, bondo n'kumenya thabwa. Vivian anakuwa ali kutsidya. A Helen anapendekeka, mwendo wodwala uja n'kulowa m'madzi, chitenje n'kumasuka mpaka kuonetsa ntchafu. Nsapato yawo yamanzere inavuka, madzi n'kupita nayo. Kuseka kuja kunatheratu. Amuna awiri anathamanga kuchokera pasiteji n'kuwakokera kumtunda onse awiri, wina atagwira mkono, wina lamba wa a Njobvu.

Analowa m'galimoto n'kunyamuka. Chidwalireni, mawu a a Helen ankatuluka limodzilimodzi, ndipo banja lonse linali litaphunzira kudikira.

"Lelo ndiye yothela," anatero pomaliza. "Sinizayenda futi."

"Bamami, ba dokota banakamba kuti mukaleka..."

"Bantu bonse baona."

Awa anali mayi amene anatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi zaka makumi atatu, osatuluka pageti popanda duku yosita. Manyazi anawapweteka kuposa mwendo.

"Pepala ili pafupi kuchoka," anatero a Njobvu ali kumbuyo, akusisita bondo. "Bakativomela chabe, motoka izayamba kufika pakhomo penipeni."

Za mapepala a Njobvu ankazidziwa, pamenepo sitingawanamizire. Anagwira ntchito ya ukalaliki zaka 31 pakampani ina ya inshuwalansi m'tauni, ndipo popuma anatuluka ndi makina otayipira akale amene ofesi inkafuna kutaya. Iwo anapuma, makinawo ayi. Babu la mumsewu likathima, kalata. Bala ikakweza nyimbo Lamlungu, kalata. Nkhuku za wina zikalowa m'dimba lawo la repu, kalata, kope yake n'kulowa m'fayilo. Mumsewu monse ankawatchula kuti ba Kalata, koma kumbali. Tinene zoona, makalata ena ankathandiza, babu lija linkayakadi. Komabe munthu wotere anthu amamupatsa moni akuyenda.

Mu Ogasiti anali atalembera kale ku ofesi ya mapulani, kupempha chilolezo choika mapaipi akuluakulu a simenti m'ngalande, kuthira konkire pamwamba ndi kukuza geti kuti galimoto izilowa. Anapeza wojambula pulani, anadzaza mafomu, anakhoma chidziwitso pamtengo wa magetsi kuti wofuna kutsutsa atsutse. Kenako anayamba maulendo. Minibasi yopita m'tauni, masitepe a nsanjika ziwiri, benchi la m'khonde, n'kuuzidwa kuti komiti sinakhale, abwerenso Lolemba. Pofika Disembala ankadziwa mwendo wa benchi umene unkagwedera, ndipo ankachenjeza obwera kumene kuti asakhale mbali imeneyo.

Yankho linatuluka patatha sabata chichitikireni ngozi ija. Lachinayi la sabata imeneyo a Helen anakanadi kutuluka m'nyumba, moti Vivian anabwerera ku Chelstone yekha. A Njobvu anatsegula envulopu ali chiimire m'khonde la ofesi. Pempho linali litakanidwa pa zifukwa zitatu. Malowo anali pafupi kwambiri ndi mphambano. Pamalopo pankaima minibasi ndipo m'mawa pankadutsa ana asukulu ambiri. Mapaipi akanapanikiza madzi a m'ngalande, nyumba zakumunsi n'kusefukira.

Anawerenga kawiri, n'kukhala pabenchi lija mbali yogwedera yomweyo. Zifukwazo ankazidziwa bwino, ngakhale ndondomeko imene zinabwerera. Koma atafika kunyumba sanatchule zimenezo kwa wina aliyense.

"Bakana," anauza Vivian pafoni. "Koma tili na masiku sate, mwezi umodzi, yochita apilo. Aba bantu sibaniziba ine."

Makina otayipira anagwedeza tebulo la pabalaza sabata yathunthu. Anatayipa, n'kung'amba, n'kutayipanso, mpaka anatulutsa masamba asanu ndi limodzi. Anakapereka, anamenyetsa chidindo pakope yawo, n'kuuzidwa kuti adikire tsiku. Khirisimasi inadutsa. Januwale anadutsa. Lachinayi lililonse Vivian ankaimba foni m'mawa kufunsa ngati abwere, ndipo amayi ake ankangopukusa mutu ali pabedi.

Munthu yekhayo amene a Helen ankamulola kugwira mkono wodwalawo anali a Shamsiya a nyumba yoyandikana nayo, ya pakona. Amuna awo, a Sidiki, anali mmisiri wa matabwa, mwana wa mkulu wina amene anachokera ku Mangochi kalekale. A Sidiki ndi a Njobvu anali asanapatsane moni kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo akakumana pamsewu aliyense ankapeza choyang'ana mbali ina. Akazi awo nkhondo imeneyo sanailowe. Zaka zonsezo ankachezera pamwamba pa khoma la kuseri, uyu ataponda kireti, uyo ataponda ndowa. A Helen atagwa, a Shamsiya anayamba kuzungulira kumsewu masana aliwonse, kuwoloka matabwa aja, n'kulowera kukhitchini ndi kabotolo ka mafuta. A Njobvu akawaona ankatsegula nyuzipepala.

Tsiku lina potuluka a Shamsiya anaima pakhomo la pabalaza.

"Ba Njobvu, vala vayamba kupindika. Lelo nayesa kuvitambasula, balila. Aba bafunika kuchipatala, mafuta yanga siyazakwanisa."

"Nkhani ili ku apilo," anayankha a Njobvu ali kuseri kwa nyuzipepala.

"Kwanja sikuziba apilo," anatero a Shamsiya, n'kutuluka.

Tsiku la apilo linafika pakati pa Febuluwale. A Njobvu anavala suti imene anavala paukwati wa Vivian, ndipo Vivian anapempha tchuthi kuntchito kuti awaperekeze. Chipinda chinali pamwamba pa nyumba ina m'tauni. Magetsi anali atazima, fani ili chete, mazenera onse otsegula, phokoso la mahutala likulowa. Patebulo lalitali panakhala anthu atatu, pakati pawo mkulu wa imvi amene ankatsogolera. Pambali panakhala mayi wa ku ofesi ya mapulani, Mayi Kalenga, atasanjika mafayilo awiri patsogolo pake.

A Njobvu analankhula bwino, m'Chingerezi cha ukalaliki chimene achinyamata a masiku ano sachidziwa. Anati mphambanoyo si yoopsa monga akunenera. Anati minibasi zimaima kanthawi kochepa, ana asukulu ambiri amayenda tsidya linalo, ndipo mapaipi a masiku ano ndi aakulu moti madzi sangaime. Vivian ankagwedeza mutu monyadira. Mkulu wa imvi uja ankalemba.

Atatha, Mayi Kalenga anasuntha fayilo yapamwamba n'kutsegula yapansi, yakale, yothimbirira m'mphepete. Anthu amati maofesi amataya mafayilo, ndipo a Njobvu, amene moyo wawo wonse ankanyansidwa ndi khalidwe limenelo, ulendo uno anali atapempherera kuti zikhale zoona. Mayiyo anasolola masamba atatu omangidwa ndi kapini kadzimbiri. Zilembo zake zinali za makina otayipira, "e" aliyense atakwera pang'ono kuposa anzake, monga momwe analili m'masamba asanu ndi limodzi amene anali patebulo.

Mayi Kalenga anayamba m'Chingerezi, koma atayang'ana nkhope ya a Njobvu anatsitsa mawu n'kutembenukira ku Chinyanja.

"Batate, iyi siginecha ni yanu?"

A Njobvu sanafune n'kuvala magalasi komwe. "Ni yanga."

Mayiyo anawerenga. Kalatayo inalembedwa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, kutsutsa pempho la a Sidiki, amene panthawiyo anali atagula kalole n'kupempha chinthu chomwechi: mapaipi, konkire, geti yoyang'ana msewu waukulu. Wolembayo anali atakhala pageti pake m'mawa masiku asanu akuwerenga ana asukulu odutsa, ndipo anaika chiwerengero cha tsiku lililonse. Anawerenga minibasi. Anayeza ndi tepi kuchokera pamphambano. Anamatapo ndi chithunzi cha ngalande itadzaza. Zifukwa zinali zitatu, mphambano, ana, madzi.

"Iyi kalata inali yabwino maningi," anatero Mayi Kalenga, ndipo sankanyoza. "Bakulu banga banayenda kukapima, banapeza kuti vonse vamene munalemba ni voona. Kuchokela apo, mbali ija yonse sitivomeleza motoka kungena kuchokela ku musewu ukulu. Mwezi watha ninayenda nekha kukabelenga futi. Bana manje ni bambili kuchila kale."

"Badadi?" anatero Vivian chapansipansi. Bambo ake sanatembenuke.

Mkulu wa imvi anaika cholembera pansi. Anafunsa mofatsa kuti, poti a Njobvu ndi amene anaona zoopsazo poyamba, chasintha n'chiyani pamalopo kuchokera nthawi imeneyo?

A Njobvu anayang'ana masamba awo asanu ndi limodzi. Munalibe yankho la funso limenelo. Kunja kondakitala wina ankaitanira anthu a ku Kaunda Square.

"Mukazi wanga adwala," anatero. "Ndiye chasintha chabe."

Mkulu wa imvi uja ananong'onezana ndi anzake awiri, kenako anati akumva chisoni kwambiri, koma msewu ndi womwewo, ana ndi omwewo, ngalande ndi yomweyo. Apilo yakanidwa, kalata itsatira.

M'khonde Vivian sanadikire n'komwe kuti afike pamasitepe.

"So ndimwe? Ine nili ku koleji ku Kitwe, nabwela napeza shedi ya ba Sidiki bagwetsa, nafunsa, mwaniuza ati bafuna chabe kusintha. Kanshi ndimwe?"

"Vamene ninalemba vinali voona. Wamvela wekha."

"Sinafunse ngati vinali voona. Banakuchitani chani?"

A Njobvu anamasula tayi. Anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa, ndipo analibenso mphamvu yokongoletsa nkhani.

"Sananiuze," anatero. "Zaka twente tili maneba, pa malilo ya batate bake ninagona panja masiku yatatu. Manje afuna kusintha musewu wa pakhomo panga, ine naonela pa polo ya malaiti monga mulendo. Sembe anabwela chabe kukamba ati ba Njobvu, nili na pulani yaso."

"Nanga imwe mu Ogasiti munayenda kubauza?"

A Njobvu anayamba kutsika masitepe atagwira chitsulo. Asanafike pansi anamva nsapato zikuwathamangira. Anali Mayi Kalenga, atanyamula mapu a mapuloti ndi fomu imodzi.

"Batate, imani pang'ono. Onani apa." Anatambasula mapuwo pazenera. "Ba neba banu bali pakona. Pamene tinabakanila kusogolo, banapempha kungenela mu kamusewu ka pambali, tinabavomela. Njila yabo ya motoka ipita kumbuyo kwa nyumba, isilila apa, pa chipupa chanu. Kuseli kwa ichi chipupa kuli chani?"

"Khichini yathu," anayankha Vivian.

"Mwaona. Mukaboola apa, mwaika chiseko, motoka iimilila mu yadi yabo, wilitcheya ipita bwino bwino. Apa sipafunika komiti. Ni siginecha imodzi chabe, ya mwine wa puloti, na sitampa yanga."

A Njobvu analandira fomuyo ngati yotentha. Anathokoza, poti ulemu wa m'maofesi sankauiwala, n'kuipinda kanayi.

Fomuyo inakhala m'fayilo masiku asanu ndi limodzi. Lachinayi linafika, Vivian sanaimbe foni. Masana a tsikulo a Shamsiya anabwera ndi mafuta awo, ndipo a Njobvu ali pabalaza anamva akazi awo akubuula kuchipinda pamene zala zinkatambasulidwa. Nyuzipepala sinawabise ku phokoso limenelo. Mlendoyo atapita, anavundukula makina otayipira, analowetsa pepala, n'kuyamba: dzina la a Sidiki, nambala ya puloti, tsiku.

"Batate bake Vivian," anaitana a Helen kuchipinda. A Njobvu anapita n'kuima pakhomo. "Mulembela ndani?"

"Ba Sidiki. Nifuna nibafotokozele mwadongosolo."

A Helen anawayang'ana nthawi yaitali, pakamwa pakugwedera, akusonkhanitsa mawu.

"Yendani na kamwa," anatero. "Mendo muli nayo, imwe."

Dzuwa linali litapendeka pamene a Njobvu anawoloka matabwa awo, fomu ili m'thumba la shati. Anadutsa kutsogolo kwa nyumba ya a Sidiki, anakhota pakona, n'kufika pageti ya pambali imene anali asanalowepo chiikireni. Inali yotsegula. Konkire inayambira pamenepo, kudutsa kuseri kwa nyumba mpaka kukagunda khoma lawo lomwe, ndipo pamwamba pa khomalo ankaona denga la khitchini yawo ndi nsonga za mapapaya a a Helen. M'mbali mwa konkireyo munkaonekabe mzere wa njerwa zakale, maziko a shedi ija.

A Sidiki anali atangofika. Kalole kanali kakutenthabe, iwo atakhala pakampando akukutumula utuchi pachipewa. Anali ataonda, ndevu zonse zitayera. A Njobvu anadabwa kuti munthu wokhala naye khoma limodzi angakalambe chonchi iwe osaona.

"Odi," anatero a Njobvu.

A Sidiki anakweza maso. "Mwasoba njila, ba Njobvu? Positi ofesi ili ku tauni."

"Nabwela kwa imwe."

A Sidiki sanawaloze pokhala. A Shamsiya ndi amene anatuluka ndi mpando, anauika pansi, n'kubwerera kukaima pakhomo la khitchini atapinda manja. A Njobvu anakhala. Anafotokoza za sitiroko, za matabwa, za pempho ndi apilo, ngakhale ankadziwa kuti zonsezo zinafika kale kuno kudzera pakhoma. Pomaliza anatulutsa fomu n'kuitambasula pabondo.

"Pepala yanu pa polo ninaiona mu Ogasiti," anatero a Sidiki. "Bantu banabwela kuno ati lembani naimwe, mubwezele. Nabauza ati ine sinilemba makalata, nipala matabwa." Analoza mzere wa njerwa uja ndi chipewa. "Ija shedi banamanga batate banga na manja yabo, chaka chamene banafika mu Lusaka. Ine ninaphunzilila mwamene muja. Kuti motoka ingene kuno, inafunika kuchoka. Ninagwetsa nekha, na hamala yabo. Manje zaka thwelufu niyenda ku Makeni kuseni kulikonse, kukasebenzela mu shedi ya bene."

"Vamene ninalemba..." anayamba a Njobvu.

"Vinali voona, niziba. Bana bapita, manzi yasefukila, ine sinikana. Koma imwe simunalembele bana ba sukulu."

A Njobvu anayang'ana fomu ili pabondo. Mayankho anabwera atatu m'mutu mwawo, onse okonzeka bwino, ndipo onse anawameza.

"Iyayi," anatero. "Ninalemba na ukali, ndaba simunaniuze. Ninalakwa, ba Sidiki."

"Sembe munabwela kunitukana pa geti. Tikanakambana, kukacha vasila. Manje pepala siisila."

Kuseri kwa khoma kunamveka chifuwa cha a Helen. A Sidiki anatembenukira komweko, n'kukhala akuyang'ana khomalo kanthawi. Kenako anatambasula dzanja.

"Leta."

A Njobvu anapereka fomu pamodzi ndi cholembera chawo. A Sidiki anaiwerenga yonse pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, mpaka timalemba tating'ono ta pansi. Anaitsamiritsa pabondo n'kusaina. Koma sanaibweze msanga.

"Chipupa nizaboola nekha, sinifuna muntu wina anionongele. Chiseko nizapanga nekha. Makiyi yazankhala yabili, imodzi ya bamake Vivian, imodzi ya aba." Analoza akazi awo. "Ba Helen pa malilo ya batate banaphika masiku yatatu, na pamene imwe munaleka kutiposha beve sibanaleke. Ni chiseko chabo. Vivian angangene na motoka. Imwe, ba Njobvu, muli na matabwa yanu."

A Njobvu anayamba kumwetulira poganiza kuti ndi nthabwala, koma nkhope ya a Sidiki inalibe nthabwala.

"Ah, imwe naimwe," anatero a Shamsiya pakhomo paja. "Bantu bakulu..."

"Nakamba," anatero a Sidiki.

A Njobvu analandira fomu. Zinawawawa, ndipo ankadziwa kuti palibe ofesi imene angakadandauleko. "Namvela," anatero. "Zikomo." Anaimirira, anabweza mpando pafupi ndi khomo, n'kutuluka momwe analowera.

Chidindo cha Mayi Kalenga chinatenga masiku anayi okha. Loweruka lotsatira hamala inayamba kulira kuseri, ndipo a Njobvu ankatola zidutswa za mabuloko zogwera mbali yawo n'kumaziunjika pansi pa mpapaya. Amuna awiriwo anagwira ntchito tsiku lonse, wina uku wina uko, bowo likukula pakati pawo, mawu okhawo ali "chenjelani" ndi "yagwa". Lachitatu chitseko chinali chitalowa, cha mukwa, chachikulu bwino, chopaka vanishi, ndipo pansi a Sidiki anathira simenti yotsetsereka kuti matayala asagunde.

Lachinayi kunacha ndi kamvula kowaza. Vivian analowetsa galimoto chobwerera mpaka pakhoma. A Helen anali atadzuka kale, atavala duku imene a Shamsiya anawasitira dzulo lake. Dzanja lamanzere linali pamiyendo, zala zitapindika kuposa mmene zinalili mu Disembala, ndipo palibe amene ankadziwa ngati zidzatambasukenso. A Njobvu anakankha wilitcheya kuchokera kuchipinda, kudutsa m'khitchini, mpaka pachitseko chatsopanocho. Pamenepo anaima. A Shamsiya analandira zogwirira, iwo n'kupatsira Vivian chikwama cha makadi a kuchipatala pamwamba pa mutu wa akazi awo.

"Badadi, pitani chabe, ba Sidiki bayenda kale ku Makeni," ananong'ona Vivian.

"Iyayi. Unipeze kusogolo."

Chitseko chinatsekedwa, kiyi n'kulira mbali inayo. A Njobvu anabwerera m'nyumba, anakhoma khitchini, anatenga ambulera, n'kutulukira kugeti yakutsogolo. Matabwa anali onyowa. Anawoloka pang'onopang'ono, kumsana kuli kopepuka, bondo lija likuwakumbutsabe.

"Mudala, lelo muli mwekha?" anakuwa kondakitala uja. "Ba mami bakusiyani?"

A Njobvu anatsegula ambulera n'kuima m'mphepete mwa msewu, pakati pa ana asukulu ochedwa amene ankawadutsa mothamanga. Sanawawerenge. Patapita kanthawi galimoto inatulukira pakona, a Helen ali pampando wakutsogolo, duku ili chilili, nsapato zonse ziwiri zili kuphazi. Vivian anaimitsa. Bambo ake anapinda ambulera, anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kudzipanikiza pambali pa wilitcheya.